Injini ya Kambuzi

Chitakale,
Mulanje.
17 Novembala, 2024.

Okondedwa achemwali, amake Golden,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu anga. Kuno tilipo, kungoti kukutentha koopsa. Mvula inawaza kamodzi Lachiwiri lapitali, fumbi linangonunkhira basi. Ena opupuluma anathamangira kudzala, pano akuyang'ana kumwamba. Ine mawondo ndi omwe aja. Ku chipatala cha Mishoni anati ndichepetse mchere komanso ndisamaime nthawi yaitali. Ndinawauza kuti theka la ntchito yanga ndimaigwira chogona kale pansi pa galimoto, asade nkhawa. Mlamu wanu ali bwino, nsalu ija analandira, wasoketsa kale. Nsapato zanga zinachepa, ndinapatsa a Honest a kutchalitchi kwathu. Musavutike kutumiza zina.

Kalatayi ndapatsira Ganizani, dalaivala wa thiraki amene mwapangana naye kuti adzanyamule injini pobwerera. Za pa foni ine sindizitha, ndipo pa foni inu mumayankhula nokha, munthu sapeza polowera. Pa pepala simungandidule mawu.

Munandifunsa zinthu ziwiri. Choyamba, mugule injini yanji yoika m'galimoto yofiira ya zitseko ziwiri ija munatumizira Diana, imene a kabaza a ku Muloza anaitcha Kambuzi. Chachiwiri, ndikuuzeni ngati Diana ndi amene anapha injini yakaleyo ndi kusasamala, chifukwa ngati ndi choncho mwati mumulanda galimotoyo ipite kwa mchimwene wake Golden. Ndiyamba ndi funso losavutalo.

Golden anabwera kuno Lachinayi la sabata inayo, foni ili m'manja. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ankolo, taonani iyi. Masilinda sikisi, matebo awiri. Imeneyi mukaiponda, kuchoka pano kukafika ku Limbe tiyi asanazizire."

"Ku Limbe ukathamangira chiyani? Uli ndi ntchito kumeneko?"

"Aaa ankolo, inu ndi zakale zanu. Galimoto imene ija ndi ya liwiro. Kuikamo kainjini kakang'ono ndi chimodzimodzi kutenga galu wosaka n'kumam'dyetsa madeya."

"Mseu uli m'foni mwakomo ndi wa kuti?"

"Kaya, ku Ulaya."

"Uli ndi mahampu angati? Tabweza filimuyo ndione pamene pali msika wa Limbuli. Ndione mayi wonyamula mtolo wa nzimbe pakati pa mseu."

Anaseka, n'kunena kuti kaya ndifune kaya ndisafune, mayi ake anena kale kuti galimoto ndi yake. Ndinamuuza kuti mayi ako anena kuti ngati. Anaika foni m'thumba, anadya chinangwa cha mlamu wanu, anapita.

Tsono mverani. Injini sasankha poyang'ana galimoto. Amasankha poyang'ana mseu ndi munthu amene aziyendamo tsiku ndi tsiku. Diana amakhala pa Boma, ntchito yake yokonzera anthu mapepala a katundu ili pa boda ku Muloza. Lolemba mpaka Loweruka, kupita ndi kubwera. M'mawa amapeza mathirakitala a masamba a tiyi atadzaza mseu, akuyenda ngati akupita ku maliro. Akawapitirira apeza lole. Akaipitirira apeza hampu. Tsiku la msika pa Limbuli galimoto imayenda giya wani, a kabaza uku ndi uku, mpaka woyenda pansi amakupitirira akudya mango. Akafika, galimoto imakhala pa dzuwa tsiku lonse, boneti ungakazingirepo dzira. Ndiye pali mizere ya petulo. Maola atatu, kuliza, kusuntha kutalika kwa galimoto imodzi, kuzimitsa, kulizanso. Kuno injini siifa ndi liwiro. Imafa ndi kukwawa pa dzuwa, mphepo isakulowa kutsogolo.

Tebo, chowonjezera mphamvu chonga chimene chinali pa injini yakaleyo, ndi chinthu chabwino kwa eni ake. Imazungulira ndi utsi wa injini womwewo, ndiye imatentha mpaka kufiira. M'boneti ya Kambuzi mulibe malo, dzanja langa silimalowa pakati pa injini ndi rediyeta. Kutentha konseko kumangokhala momwemo ngati m'uvuni ya njerwa. Tebo imafuna oyilo wabwino, wosinthidwa nthawi yake, osati wa m'mabotolo a pamseu. Imafunanso petulo woyera. Inu mukudziwa kuti petulo akasowa, anthu kuno amagula wa m'zigubu wochokera ku Villa, kutsidya kwa boda, ndipo m'chigubumo munali chiyani dzulo lake palibe amene angakuuzeni. Injini wamba imangokhosomola n'kupitirira. Ya tebo imasunga chakukhosi, tsiku lina imakubwezera pa pisitoni. Ilinso ndi karediyeta kena koziziritsa mpweya, kamene anakaika pansi penipeni kutsogolo. Pa Kambuzi kanali katapindika kale ndi mahampu, mkati mwake ndinapezamo udzu, nthenga za nkhuku ndi jumbo.

Ya masilinda sikisi ya Golden ija musaiyang'ane n'komwe. Ndi yolemera, kutsogolo kudzagwada. Pafunika kudula ndi kuwotcherera zokhazikapo injini, giyabokosi sidzagwirizana nayo, ndipo imamwa petulo ngati yabooka. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, ku Limbe mudzazungulira mashopu onse osakapeza, galimoto idzakhala pa miyala miyezi itatu nkhuku zikuikiramo.

Mugule ya masilinda anayi, malita awiri, yopanda tebo, ya kampani yomweyo. Ilipo, imakhala pa malo omwewo osadula kanthu, ndipo ndi mtundu umodzi ndi imene ili m'magalimoto ambiri oyenda kuno, ndiye zitsulo zake sizisowa. Musagule injini yokha. Muwauze kuti mukufuna hafukati, ndiko kuti mutu wonse wa galimoto wodulidwa pakati, kuti ibwere ndi mawaya ake ndi kompyuta yake. Mukapanda kutero tidzalumikiza mawaya mpaka Khirisimasi ya chaka chamawa. Mupite ndi alamu, asakupusitseni ndi injini yotsukidwa kunja. Atsekule pothirira oyilo, ayang'ane kuseri kwa chivindikirocho. Akaona zoyererako ngati tiyi wamkaka, musiyeni wogulitsayo ndi injini yake. Ailize pamaso panu, ikhale ikulira mpaka fani itazungulira yokha n'kuima yokha. Rediyeta mugule yatsopano, yokhuthala, ndi mapaipi ake atsopano. Madzi obiriwira a m'rediyeta aja mugule zigubu ziwiri. Ndiponso mugule themositati yatsopano ya m'bokosi. Imeneyi musaiwale, ngakhale muiwale zina zonse.

Golden adzati yachepa mphamvu. Inde ichepa. Koma galimotoyo ndi yopepuka ngati chitini, minibasi iliyonse ya pa mseu uno idzaipitirirabe. Mwana azifika ku ntchito, azibwerako. Ine injini yabwino ndimaidziwa choncho.

Funso loyamba latha. Ndinadzuka kukamwa madzi, ndakhalanso pansi.

Zimene zinachitika Lachisanu pa 25 Okutobala mukuzidziwa mbali imodzi. Diana anachoka ku Muloza cha m'ma thuu koloko, dzuwa lili pamutu, kuthamangitsa mapepala a kasitomala wake ku Boma. Atawoloka mlatho wa Ruo anatsekeredwa kumbuyo kwa malole awiri pa chitunda. Akuti singano ya kutentha inali pansi bwinobwino, kenako inangolumpha kamodzi kufika pofiira. Pamene amapatuka kuti aime, utsi woyera unali ukutuluka kale m'boneti. Anaikoka ndi chingwe mpaka pabwalo panga pano. Mutu wa injini unapindika, gasiketi inapsa, mapisitoni awiri anagwira. Yakufa.

Lamulungu lake munaimba foni. Diana anali pakhonde panga, anaika pa sipika. Sindibwereza zonse, mukuzikumbuka. Munati amangodziwa kupaka milomo, geji saiona. Munati munalakwa kupatsa mtsikana galimoto ya amuna. Munati zaka zonse mwakhala mukuchapa zovala za azungu kuti iye azikawotcha ndalama pa mseu. Iye anangoti, "Pepani mayi." Ananena kawiri. Kachiwiriko anayang'ana ine. Ine ndinali ndikusenda chinanazi, ndipo ndinapitiriza kusenda.

Chimene simukudziwa ndi Loweruka la pakatipo, komanso tsiku lina m'mwezi wa Seputembala.

Mu Seputembala Diana anabwera nayo galimoto kuno. Anati akakhala pa mzere wa petulo singano ikumakwera pang'ono kupitirira pakati. Mwana anaona geji, achemwali. Anaiona msanga, ndipo anachita zoyenera, anabwera nayo kwa malume ake amene agwira sipana zaka makumi anayi.

Ine sindinatsuke rediyeta. Sindinayeze fani. Ndinachita zimene tinkachita ku esiteti ya tiyi kuyambira ndili mnyamata. Kumeneko thirakitala kapena lole yatsopano ikangofika, ntchito yoyamba inali kumasula mabawuti awiri n'kuchotsa themositati. Ndi kachitsulo kokhala ngati chivindikiro cha ketulo, kali ndi sipuling'i, kamatseka ndi kutsekula njira ya madzi. Mzungu wa ku wekishopu ankati ndi ka kwawo kozizira, kuti injini izitenthedwa msanga m'mawa, kuno ku Africa kamangotsamwitsa madzi. Tinali ndi chidebe chodzaza ndi timeneti kuseri kwa chitseko. Zaka zonse ndinakhala kumeneko palibe thirakitala imene inadandaula. Amakanika onse a msinkhu wanga kuyambira ku Thyolo mpaka ku Phalombe amachita zomwezo, mukawafunse.

Ndiye ndinakachotsa. Madzi obiriwira aja ndinawataya pansi, ndinati ndi zodyera anthu ndalama, ndinathira a pa mjigo.

Diana anaima pambali, atanyamula chikwama chake.

"Amalume, nanga eni ake anakaikiranji ngati n'kopanda ntchito?"

"Eni ake amakhala ku Muloza?"

"Ayi, koma ndimati mwina tifunse kaye."

"Tifunse ndani? Ine ndinayamba kumasula injini amako asanakwatiwe. Tenga kachitsulo kakoka ukapange ndolo."

Anaseka, anati sikagwirizana ndi diresi lake. Sabata yotsatira anabwera ndi shuga ndi buledi kudzathokoza, akuti singano tsopano ikumakhala pansi penipeni. Ndinalandira. Tinamwera tiyi.

Tsono Loweruka lija, galimoto itafa, Diana anaitana Ashraf kuti adzaione ndi makina ake a kompyuta. Ashraf mukum'dziwa, mwana wa a Mustafa a telala, amene ndinam'phunzitsa ntchito ku esiteti. Pano ndi bambo wa ana anayi, ali ndi galaja yake pa Boma. Sindinakondwe kuti waitanidwa pabwalo panga, koma ndinam'patsa mpando. Sanakhale. Anamasula paipi ya m'munsi, madzi otsala anatuluka ofiira ngati a m'ngalande. Anamasula mabawuti awiri aja, analowetsa chala.

"Madala, nyumba ilipo koma mwini wake kulibe. Themositati ili kuti?"

Ndinati, "Ikakhala kulibe pali vuto? Madzi amayenda momasuka."

"Pa thirakitala, eya. Iyi ndi ina. Tabwerani muone." Anandigwira dzanja n'kulowetsa chala changa m'kabowo kena kumbuyo, kamene ine sindinakaone tsiku lija. "Injini izi zili ndi njira ziwiri. Ina imapita ku rediyeta, ina ndi yachidule, imangobwerera m'injini momwemo. Kachitsulo kaja injini ikatentha kamatsekula ya ku rediyeta n'kutseka yachiduleyi. Mukakachotsa, zonse zili pululu. Asisi, inu a pa boda, munthu akapeza kuti mtsinje waphwa ndipo msilikali palibe, amadzera pa geti?"

Diana anati, "Amawoloka pa mtsinje."

"Basi. Madzinso ndi anthu. Ambiri amangozungulira njira yachidule, ku rediyeta kumapita ochepa. M'mawa kukuzizira simungadziwe, singano imagona pansi, mwini galimoto n'kumasangalala. Koma masana a Okutobala, pa chitunda, kumbuyo kwa lole, madzi a pa mjigo amawira msanga n'kuthawa. Akathawa, geji imasowa choyeza, imanama. Pamene izidzalumpha ndiye kuti nyama yapsa kale. Apa ngakhale akanayendetsa m'busa, ikanafa."

Anapukuta chala pa ovolosi. "Anachotsa ndani?"

Ine ndinayang'ana kumbali.

Diana ndi amene anayankha. "Mwina inabwera choncho kuchokera ku Joni."

Ashraf anamuyang'ana, anayang'ana ine, anayang'ana madzi ofiira aja pansi. Anati, "Eya, anthu a ku Joni ndi osasamala." Analongedza makina ake. Ndinam'perekeza mpaka pa mseu, ndipo tili awiri anandiuza motsitsa mawu kuti, "Madala, kuchotsa timeneti munandiphunzitsa ndinu. Ndinasiya kalekale, nditapha galimoto ya munthu. Ndinkayesa munamva." Ndinati ndamva tsopano.

Ndiye pamene munkaimba Lamulungu lija, ine ndinali ndikudziwa kale. Diananso ankadziwa kuti ndikudziwa.

Mufunsa kuti ndinakhaliranji chete. Ndilibe yankho labwino, ndikupatsani limene lilipo. Ku esiteti ndinachokako ndi njinga, mawondo owawa, ndi dzina. Njinga inatha. Anthu akuchokabe ku Limbuli, ena kutsidya kwa boda, kubwera ndi injini za zigayo ndi njinga zamoto, chifukwa amati a Pilato akagwira chinthu sichibwerera. Ndinaganiza kuti inu mukalipa sabata imodzi n'kuiwala, monga mumachitira. Ndinaganiza kuti mwana ndi mwana, mawu a mayi ake samupha. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndiwauza. Mawa likafika pamakhala pali munthu pabwalo ndi chigayo chake, akunditchula kuti amisiri, ndiye ndinkati mawa linanso.

M'masabata amenewa Diana wakhala akukwera minibasi. Imachedwa kudzaza pa Boma, imaima paliponse, amafika mathiraki atayamba kale kuwoloka. Makasitomala ake awiri apita kwa ena. Sanandiuze iye, anandiuza ndi Ganizani. Kwa inu sananene kanthu, kwa Golden sananene kanthu. Kuno anasiya kubwera.

Dzulo m'mawa Golden anafika ndi pikapu ya mnzake ndi chingwe. Anati mwamuuza pa foni kuti poti ankolo akuchedwa kuyankha, akoke galimoto ikadikire injini kwake. Kaya munanenadi kaya anawonjezera, mukudziwa ndinu. Anali atauzanso Diana kuti abwere adzachotse katundu wake. Anabwera. Anandipatsa moni wa pakamwa, anatsekula chitseko, anayamba kuika zinthu m'jumbo: mafayilo, nsapato zosinthira, ambulera, kabotolo ka mafuta odzola. Sanalire, sanakangane ndi mchimwene wake. Ankangoika.

Pabwalo panali anthu. Panali bambo wina wa ku Mimosa amene anabwera ndi pampu ya chigayo atakulunga m'thumba, panali a kabaza awiri odikira kuwotcherera, panali mlamu wanu akusankha nandolo. Golden anagwada kutsogolo kwa galimoto akufunafuna pomangirira chingwe.

"Ankolo, chokokera chake chili pati? Kapena asisi anachiwotchanso?"

Mnzake uja anaseka.

Ndinati, "Chotsa chingwecho."

"Mayi anena."

"Ndati chotsa. Injini iyi sanaphe ndi mlongo wako. Ndinapha ndine."

Ndinanena zonse, monga ndalembera apa, mokweza, chifukwa makutu anga anayamba kugontha ndipo sindidziwanso kuyankhula motsitsa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kachitsulo kaja pa windo pamene ndinakaponya, ndinakaika pa boneti kuti aliyense akaone.

Golden anadzuka, akusasa fumbi m'mawondo. "Ndiye inu ankolo, amisiri akuluakulu, ndi amene munaphika galimoto ya mayi?"

"Ndine."

"Ndi madzi a pa mjigo?"

"A pa mjigo."

"Eee. Koma ndiye zakale zili ndi mphamvu." Anayang'ana mnzake kuti aseke naye, koma mnzakeyo anali atayamba kukulunga chingwe. Ndinamuuza Golden kuti mbumba iyi mwini wake ndine mpaka mutandiika m'manda, ndipo galimoto siichoka pabwalo pano kupita kwa munthu wina koma amene inachoka m'manja mwake. Anati ayankhula ndi mayi ake. Ndinati ayankhule.

Bambo wa ku Mimosa uja ananyamula pampu yake, anati wakumbukira kuti ali ndi pena pofika, abweranso. Sabweranso, ndipo sindimuimba mlandu. Pofika madzulo nkhani inali itafika kale pa siteji ya minibasi. Lero kutchalitchi a Honest anandifunsa ngati ndingawathirireko madzi a pa mjigo m'wailesi yawo, akuti ikumatentha.

Diana anaima ndi jumbo yake nthawi yonseyo. Anthu atachepa ndinatulutsa makiyi m'thumba kuti ndim'patse. Sanatambasule dzanja.

Ndinati, "Ndalakwa, mwana wanga. Pepa."

Anati, "Masabata atatu, amalume."

Ndinati ndikudziwa.

"Tsiku lija pakhonde ndinkadikira kuti munena. Ndinati akamaliza kusenda anena." Anasintha jumbo kuiika dzanja lina. "Makiyiwo sungani. Galimoto ndi ya mayi, anene okha."

Anapita kukakwera minibasi. Loweruka ndi tsiku la ntchito kwa iye.

Ndiye yankho la funso lanu lachiwiri ndi limenelo. Mwana wanu sanalakwe kanthu. Anaona geji, anabwera nayo kwa munthu wamkulu, anafunsa funso loyenera, anayankhidwa zachipongwe. Kulakwa kwake n'kumvera malume ake, ndipo zimenezo munam'phunzitsa ndinu. Galimoto ibwerere kwa iye. Golden ngati akufuna ya matebo awiri, manja ali nawo. Ngati mukufuna wom'kalipira, adiresi yanga ili pamwambapo, ndipo ndikaika foni ya mlamu wanu pa sipika, ndimvera mpaka mumalize.

Injini ikafika isatsikire kuno. Ganizani akaitsitse kwa Ashraf pa Boma, ndayankhula naye kale, galimoto tiikokera komweko. Aike ndi iye. Ine ndidzapita kukakhala pa benchi, ndikapatsidwa sipana yoti ndigwirizire ndidzagwirizira. Wati rediyeta azidzaitsuka kunja ndi mpweya miyezi itatu iliyonse chifukwa cha fumbi la mseu uno, ndipo oyilo azidzagula Diana yekha wa m'chigubu chomata. Ndamuuza kuti zimenezo akauze mwini wake, asadzere kwa ine.

Za kumudzi, denga la nyumba ya malemu mayi likudontha mbali ya kum'mawa, ndipeza malata awiri mvula isanalimbe. Kalongonda amene munapempha mlamu wanu waika m'thumba, Ganizani akupatsani, muwiritse kokwanira musathamangire. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asaiwale kuyang'ana pansi pa chivindikiro cha oyilo. Mlamu wanu akupereka moni. A Honest akupereka moni. Golden mumayankhula naye tsiku lililonse, moni wake muli nawo kale.

Diana sanandipatse moni woti ndikupatsireni, ndiye sindinama kuti wapereka. Muimbireni nokha. Muimbe nthawi ya nkhomaliro, ndi pamene amakhala ndi mpata pa boda. Musayambe ndi za injini, ndipo musayambe ndi za ine. Mawu amene munanena pa sipika aja tinamva anthu awiri, Diana ndi ine, ndipo mmodzi yekha ndi amene sanayenere kuwamva. Mukamaliza kunena zanu, mukhale chete pang'ono, mum'patse mpata ayankhe. Mwina sayankha tsiku lomwelo. Ine sanandiyankhebe.

Ndine mlongo wanu,
Pilato.